Timathandala ndi Zokankhira za Masewera a Timatailosi: Thabwa, Pulasitiki Kapena Chitsulo?

Seti zambiri za Scrabble, Rummikub ndi madomino zimene zili m'nyumba za mu Lilongwe zinabwera m'sutikesi ya wachibale kapena zinatoledwa pakaunjika, ndipo kawirikawiri chimene chimasowa m'bokosimo ndi timathandala toimikapo timatailosi. Pena timapezeka titatu m'malo mwa tinayi, pena kamodzi kathyoka mwendo. Mapeto ake munthu amabisa timatailosi take kuseri kwa chikuto cha buku kapena m'manja, mnzake n'kumasuzumira. Kwa osewera mahjong vuto limawirikiza, chifukwa kuwonjezera pa kathandala pamafunikanso chokankhira khoma la timatailosi kuti lifike pakati pa tebulo losagumuka.

Zonsezi zingapangidwe konkuno, kwa akalipentala a ku Mchesi, kwa opanga mawindo a aluminiyamu, ngakhale pakhonde panu ndi sowo ndi guluu. Njira zake n'zosiyana pa mtengo, pa kulimba ndi pa ntchito imene ingakudyereni. Koma kathandala kakakanika, nthawi zambiri mlandu sukhala wa thabwa kapena pulasitiki. Umakhala wa muyeso ndi kapendekedwe.

Yambani ndi timatailosi tanu, osati chithunzi cha pafoni

Timatailosi ta masewera amodzimodzi timasiyana kukula malinga ndi fakitale ndi chaka. Choncho musapite kwa mmisiri ndi chithunzi chokha. Ndandikani timatailosi khumi mothithikana, yezani utali wa mzere wonsewo, gawani ndi 10. Kenako sanjikizani khumi pamwamba pa tinzake kuti mupeze kuchindikala kwa kamodzi mwa njira yomweyo. Kuyeza kamodzi kokha ndi tepi kumanamiza ndi theka la milimita, ndipo theka limenelo likachulukitsidwa ka 19, monga pa khoma la mahjong, lafika pafupifupi sentimita yathunthu.

Utali wa kathandala umachokera m'malamulo a masewerawo. Scrabble ili ndi timatailosi 100 ndipo aliyense amasunga 7. Ngati kamodzi ndi mamilimita 19 m'lifupi, tonse tikwana mamilimita 133, koma wosewera amasuntha zilembo uku ndi uku pofunafuna mawu, ndiye siyani malo a tiwiri kapena titatu: masentimita 18 mpaka 19 ali bwino. Rummikub ili ndi 106, aliyense amayamba ndi 14, koma amene zikumuvuta amangotola mpaka kupitirira 20, choncho mzere umodzi sukwana. Madomino a double-six (amene madontho ake amalekera pa 6 mbali iliyonse) ndi 28, a double-nine 55, a double-twelve 91. Pa 28 aja, anthu anayi amagawana 7 aliyense ndipo dzanja lalikulu limatha kuwagwira popanda kathandala, koma pa seti ya 91 munthu amatha kuyamba ndi 15, apo ndiye dzanja limalephera.

Mahjong ndiye imasokoneza ambiri. M'manja mumakhala timatailosi 13, ka 14 n'kamene mwangotola kumene, ndiye wina amayeza 14 n'kudula thabwa. Kulakwa kumeneko. Kathandala ka mahjong kamayenera kulingana ndi khoma limene limamangidwa kumbuyo kwake. Seti ya ku America ili ndi timatailosi 152, kutanthauza makoma anayi a 19 m'litali, osanjikiza kawiri. Ya ku China ya 144 makoma ake ndi a 18, ya ku Japan ya 136 ndi a 17. Katailosi ka mamilimita 23 kachulukitsidwe ka 19, mupeza mamilimita 437. Onjezerani malo a mfundo ya chokankhira (pamene chimalumikizana ndi kathandala n'kuzungulira), kathandala kafika masentimita 47 kapena 48. Onaninso tebulo lanu: tinayi totalika choncho timafuna tebulo losachepera masentimita 80 mbali zonse, apo ayi timagundana m'makona.

Kangalande, mpando, kapena masitepe

Njira yophweka kuposa zonse ndi kangalande kodulidwa m'thabwa lathunthu, katailosi n'kumalowetsamo phazi. Kwa madomino palibe ina yoposa imeneyi, chifukwa ndi ochindikala ndiponso olemera. Kangalande kakhale kokulirapo ndi milimita imodzi, mwina imodzi ndi theka, kuposa kuchindikala kwa domino. Kakathina, domino imakakamira ndipo poizula kathandala konse kamadzuka nayo, manambala anu n'kuonekera. Kakakula kwambiri, madomino ena amagwadira kutsogolo ena kumbuyo ngati mano a nkhalamba. Kuya kwake kukhale mamilimita 8 mpaka 10. Kupitirira apo kumameza madontho a m'munsi. Ndipo kasadulidwe choongoka. Mpeni wa makina upendekeke madigiri 10 mpaka 15 kuti domino itsamire kumbuyo, nkhope yake iyang'ane maso a mwini wake. Mano a sowo ya makina amadya pafupifupi mamilimita 3 ulendo umodzi, ndiye kangalande ka mamilimita 9 kamafuna maulendo atatu kapena anayi, kenako kusalaza pansi pake ndi tchizulo chaching'ono. Mukafuna mizere itatu pa thabwa limodzi, siyani mamilimita 15 kapena kuposerapo pakati pa ngalande ndi inzake kuti chala chilowe, komanso kuti kakhoma ka pakati kasabenthuke.

Njira yachiwiri ili ngati mpando: pokhalira, msana wopendekeka, ndi kamlomo kutsogolo koletsa katailosi kutsetsereka. Ya Scrabble ndi imeneyi. Ubwino wake ndi woti zilembo zimatsetsereka kumanja ndi kumanzere osazizula, ndipo chilembo chonse chimaoneka pamodzi ndi kanambala ka pakona kamene kangalande kozama kakanabisa. Msana upendekeke madigiri 20 mpaka 30 kuchoka poongoka. Kamlomo kasapitirire mamilimita 3 kapena 4. Chinthu chimene amisiri ambiri amaphonya n'chakuti pokhalira ndi msana ziyenera kukumana pa sikweya. Mukapendeketsa msana wokha pokhalira n'kukhala chafulati, katailosi kamaimira m'mphepete mwake ndipo tebulo likangogwedezeka kamaterereka n'kugona chagada.

Pa kapendekedwe pali kukokanakokana. Mukagoneka kwambiri, mwini amawerenga mosavuta koma wokhala pambali, makamaka wamtali, amaona zonse osachita kusolola khosi. Mukaimika kwambiri, agogo ovala magalasi amachita kuwerama. Patebulo lodyera ndi mipando wamba, madigiri 25 amakhalitsa onse. Ngati mumasewera pamkeka, maso amakhala pamwamba kwambiri, ndiye gonekani mpaka 35 koma mutalikitse msana kuti uphimbe katailosi konse. Kuyesa kwake n'kosavuta: pindani katoni m'mapendekedwe atatu, khalani anthu anayi malo amene mumakhala nthawi zonse, aliyense anene chimene akuona kwa mnzake. Katoni ndi waulere, pamene mlombwa ukadulidwa wadulidwa.

Njira yachitatu ndi masitepe, mizere iwiri kapena itatu yokwera kumbuyo, monga mwa Rummikub. Nambala ya katailosi ka Rummikub ili chakumtunda, choncho mzere wakumbuyo ukwere kuposa theka la msinkhu wa katailosi kuti nambala isabisike ndi mzere wakutsogolo. Vuto la masitepe ndi kugwa chagada. Kulemera kumasunthira m'mwamba ndi kumbuyo, ndipo timathandala ta m'bokosi timadalira timiyendo tochita kulowetsa, timene timasowa kapena kuthyoka msanga. Mukamapanga kanu, iwalani za timiyendo. Phazi likhale thabwa lathunthu lotambalala mofanana ndi msinkhu wa kathandala kapena kuposerako. Mizere iwiri ya masentimita 36 imanyamula timatailosi 26 ngati kamodzi ndi mamilimita 27, ndipo imakhazikika bwino kuposa mizere itatu yaifupi.

Ka mahjong ya ku America kamaphatikiza zinthu zitatu: nkhope yopendekeka yoyang'ana wosewera, pamwamba pafulati poikapo timatailosi timene mwaulula, ndi msana woongoka bwinobwino pamene khoma limatsamira pomangidwa. Pafulatipo pakhale potambalala mofanana ndi msinkhu wa katailosi kuwonjezapo mamilimita awiri kapena atatu. Seti za ku China ndi ku Japan timatailosi take ndi tochindikala moti timaima tokha, ndiye kathandala sikofunika kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi kandodo koongoka kowongolera khoma.

Thabwa liti

Paini, amene ambiri amachokera ku Chikangawa ndi ku Dedza, ndiye wopezeka paliponse, wotchipa ndiponso wofewa kudula. Poyesera ndi wabwino. Pa kathandala kakafupi ka Scrabble amakwananso. Koma pa masentimita 48 amanyenga: thabwa logulidwa losauma bwino limapindika likamauma, ndipo msana wopindika ndi mamilimita awiri okha umamanga khoma lokhota. Mfundo zake zimathothoka pamene padutsa kangalande, ndipo utomoni umatuluka kukatentha n'kumata timatailosi. Mukasankha paini, fufuzani mbali yopanda mfundo, yamizere yoongoka, muiike m'nyumba masabata awiri kapena atatu isanadulidwe.

Bulugamu ndi wolimba ndiponso wolemera, zimene zimathandiza kuti kathandala kasayendeyende, koma amang'aluka ndi kupotoka pouma kuposa paini. Tizidutswa topyapyala monga kamlomo kapena chokankhira musapangire bulugamu pokhapokha akhale wakale, wochokera ku mpando kapena chitseko chimene chinatha ntchito.

Malaina, mtengo umene wadzala m'misewu ndi m'mipanda ya mu Lilongwe, anthu amaupeputsa koma pa ntchito iyi ndi wabwino: ndi wopepuka, susuntha kwambiri ukauma, ndipo umasalala bwino. Chovuta chake umachedwa kuuma, ndiye funsani kuti thabwalo lakhala nthawi yaitali bwanji. Popeza ndi wopepuka, umafuna mphira pansi.

Mlombwa ndiye mfumu. Suchita manyazi ndi chinyezi cha mu Januwale kapena kuuma kwa mu Okutobala, kangalande kake kamatuluka kosalala, ndipo mtundu wake sufuna penti. Mbawa imatsatira. Mitengo yachilengedwe imeneyi yatha m'nkhalango zambiri ndipo kudula kwake kumayendera chilolezo cha a zankhalango, choncho palibe chifukwa chogulira thabwa latsopano pa kanthu kakang'ono chonchi. Zotsala za zitseko ndi mabedi zimene zimaunjikana pansi pa benchi ya kalipentala n'zokwana: timathandala tinayi ta Scrabble timatuluka m'kachidutswa ka masentimita 80. Mkungudza wa ku Mulanje usiyeni, ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutheratu.

Thabwa lililonse limafufuma ndi kunyala m'lifupi, osati m'litali. Kangalande kamene kanadulidwa mothina nthawi ya mvula kamatha kugwira domino ngati msampha thabwa likanyala nthawi yachilimwe. N'chifukwa chake milimita ija yowonjezera si yokambirana.

Pouza mmisiri, pemphani kuti adule thabwa limodzi lalitali, mwachitsanzo la mamita awiri, apange kangalande kapena kupendeka konse pa thabwalo, kenako alidule panayi. Timathandala timatuluka tofanana ndendende, ntchito imachepa, komanso zala zake zimakhala kutali ndi mpeni; kukankha kachidutswa ka masentimita 18 pa makina n'koopsa. Musiyireni timatailosi tiwiri kapena titatu kuti aziyesera. Ndi bwino kunenanso momveka kuti, “Bambo, apa milimita ndi nkhani yaikulu,” pakuti munthu wozolowera mabedi ndi makabati, kusiyana kwa mamilimita atatu sakuwerengera.

Mulibe makina? Kathandala ka mpando kamatheka pomata timizere titatu: phazi, msana wopalidwa m'munsi kuti upendekeke, ndi kamlomo. Guluu woyera wa matabwa ndi wokwana, misomali imangong'amba. Mangani ndi malegeni a chubu cha njinga m'malo mwa zopanira, pukutani guluu wotuluka ndi kansalu konyowa nthawi yomweyo, makamaka m'kona mokhala timatailosi, n'kusiya usiku wonse. Kadontho kamodzi ka guluu wouma m'konamo kamapendeketsa katailosi kalikonse kofika pamenepo.

Pulayiwudi ndi MDF

Pulayiwudi ya mamilimita 9 kapena 12 sipindika ngati thabwa wamba, ndiye kwa timathandala titalititali ndi masitepe a Rummikub imachita bwino. Masitepe amatheka pongosanjikiza timizere tosiyana m'lifupi. Koma kudula kangalande mopendekeka m'pulayiwudi kumanyotsola timagawo take, ndipo yotchipa imakhala ndi mphako m'kati. M'mphepete mwake mufunika sandipepa wambiri kuti musamabaye zala.

MDF, thabwa la kufakitale lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, imasalala mokopa ndipo imadulika bwino, koma ndi mdani wa madzi. Kapu ya tiyi ikatayikira patebulo, kapena kathandala kakasiyidwa pansi pokolopedwa kumene, kamafufuma osabwereranso. Sikuluwu yolowa m'mphepete mwake imaing'amba. Pa kathandala kokhala ndi chokankhira cholumikiza, MDF ikanidwe.

Za m'sitolo ya hadiweya

Pali njira ya changu imene ambiri saiganizira: trunking ya PVC, ija amabisamo mawaya a magetsi pakhoma, imene imapezeka m'masitolo a ku Malangalanga ndi ku Area 2. Mukachotsa chivindikiro mumatsala ndi ngalande yoongoka kale. Ya mamilimita 16 kwa 16 imalandira madomino ambiri, ndipo mukaimata pa kathabwa kopalidwa mopendekeka mwapeza kathandala m'ola limodzi. Mpata ukakula, matani kamzere ka katoni kolimba kapena ka mphira m'kati. Kuipa kwake: yokha ndi yopepuka zedi, timilomo take tam'kati timakola timatailosi topyapyala, ndipo maonekedwe ake ndi a trunking basi. Kwa kalabu ya ana a sukulu yofuna timathandala 20 mwamsanga ndi ndalama zochepa, palibe yoiposa. Kwa mphatso ya apongozi, ayi.

Aluminiyamu wa kona, wa mamilimita 20 kwa 20 kapena 25 kwa 25, amene opanga mawindo amakhala ndi zotsala zake, sapindika ndi nyengo ndipo chiswe sichimudziwa. Ngati kathandala ndi waphokoso, ndipo wosakutidwa amasiya timizere takuda pa timatailosi toyera. Ngati chokankhira ndi wabwino kwambiri, bola m'mphepete modulidwa mukhulidwe ndi tupa, apo ayi amakanda tebulo ndi kung'amba nsalu.

Pulasitiki ya Perspex ya mamilimita 3, imene olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito, imapindika ikatenthedwa kufika madigiri 150 mpaka 160, ndipo ndi chikombole chathabwa mungapinde tinayi tofanana. Sankhani yosaonekera. Yoonekera imakongola, koma timatailosi tina topyapyala timaonetsa mthunzi wa nambala kukakhala babu kumbuyo, ndipo wokhala pakona amaonera m'mbali. Imang'aluka pobowola ngati mukankha mwamphamvu kapena bowo lili pafupi ndi m'mphepete, ndipo super glue amaisiyira chifunga choyera. Ikagwa pa simenti, kona imapita.

Makina osindikiza a 3D

Apa muyeso umatuluka monga mwalembera, ndipo mfundo ya chokankhira, malo a maginito ndi dzina la mwini zimatheka nthawi imodzi. Koma makina ambiri ang'onoang'ono ali ndi malo osindikizirapo a mamilimita 220 kwa 220. Ka Scrabble kamakwana. Ka mahjong kayenera kugawidwa patatu, ndipo polumikiza paliponse ndi malo ofooka komanso kaphompho kamene katailosi kamakodwapo potsetsereka. Polumikizapo siyani mpata wa mamilimita 0.2 mpaka 0.3, ndipo ndi nzeru kusiya bowo m'litali monse lolowetsamo kachitsulo kapena kandodo kogwira zidutswa zonse.

Pulasitiki ya PLA, imene makinawa amasindikizira kawirikawiri, imayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. M'galimoto yotsekedwa yoimikidwa padzuwa la mu Okutobala ku City Centre, kutentha kumeneko kumafikika, ndipo chokankhira chimatuluka chokhota ngati uta. Pulasitiki ina, ya PETG, imapirira mpaka pafupifupi 80. Kusindikiza seti yonse kumatenga maola ochuluka, ndipo magetsi akazima pakati, chidutswa chimatayika kapena chimakhala ndi chipsera chofooka. Nzeru yabwino ndi kusakaniza: thupi la thabwa, timitu ta kumapeto ndi mfundo zosindikiza. Chikhomo cha mfundo chisindikizidwe chogona, chifukwa choimirira chimathyoka motsata timizere take.

Kupatula za makinazi, palinso nsungwi: yowazidwa pakati imapanga kathandala kokongola ka madomino, koma kupeza ya masentimita 30 yoongoka yopanda mfundo pakati n'kovuta, ndipo yodulidwa yanthete imafumbwa.

Chokankhira: pamene zambiri zimathyokera

Mu mahjong ya ku America, imene malamulo ake amayendetsedwa ndi National Mah Jongg League yokhazikitsidwa ku New York mu 1937, khoma la wosewera limakankhidwira pakati pamene masewera ali m'kati, timatailosi take tili kale pakathandala. Mukakankha ndi kathandala komweko, timatailosi tanu timatembenukira kwa anzanu kapena kugwa. Ntchito ya chokankhira ndi imeneyo: kathandala kakhale pomwe kali, khoma lokha liyende. Mbali ya kumanzere imatsala pafupi, ya kumanja ndiyo imalowa pakati pa tebulo.

Msinkhu wake ndiye chinsinsi. Khoma ndi timatailosi tiwiri tosanjikizana. Ngati kamodzi ndi mamilimita 13, khoma ndi 26. Chokankhira chosafika mamilimita 13 chimangokankha mzere wapansi, wapamwamba n'kutsalira, kugwera kumbuyo, pena kutembenuka nkhope poyera. Chifike pakati pa mzere wapamwamba kapena kuposerapo, mamilimita 20 mpaka 26. Pansi pake pasakhale mpata woposa mamilimita awiri, koma chisakhuzenso nsalu. Ngati patebulo mumayala chitenje, chikokeni chilimbe n'kuchipana m'makona, chifukwa chikachita khwinya khoma limapunthwa pomwepo. Bulangete lopyapyala lopanda ubweya wautali limachita bwino, limachepetsanso phokoso posakaniza.

Chokankhira chosalumikiza, kandodo kokha ka mamilimita 10 kwa 24 kofanana utali ndi kathandala, ndicho chophweka. Chimagona pakati pa msana ndi khoma, nthawi ikakwana mumagwira ndi manja awiri n'kukankha. Palibe choti chithyoke. Chimangofuna potsinira zala, monga timabowo tiwiri kapena kamzere kokwera pamwamba, chifukwa chikathithikana pakati pa kathandala ndi khoma sichigwirika. Vuto lake ndi kusowa: ana amachisandutsa lula kapena lupanga.

Cha mfundo chimazungulira pa chikhomo kumapeto a kumanzere, ndipo dzanja limodzi limakwana. N'chokoma kugwiritsa ntchito, koma ganizirani mphamvu yake. Khoma la timatailosi 38 limalemera pafupifupi theka la kilo, limenelo si vuto. Vuto ndi munthu wonyamula kathandala pogwira mkono wa chokankhira, kapena mwana wochitsegula kupitirira malire: mkono wa masentimita 45 umasanduka mgwala wozula chilichonse chili pamfundo. Sikuluwu yolowa kumapeto kwa thabwa motsata mitsempha yake imakhwepa m'miyezi yochepa. Chodalirika ndi kabawuti ka M4 (kochindikala mamilimita 4) kodutsa mbali zonse, mawashala awiri, limodzi pakati pa mkono ndi kathandala, ndi kanati kokhala ndi pulasitiki m'kati kuti kasamamasuke kokha. Bowo likhale mamilimita 12 mpaka 15 kuchoka kumapeto kuti thabwa lisang'ambike, ndipo mutu wa kabawuti ubisidwe pansi kuti usakande tebulo. Kona ya mkono pafupi ndi mfundo izungulizidwe. Ikakhala yasikweya imagunda msana wa kathandala mkono usanatseguke madigiri 45 amene amafunika. Chinanso choiwalika: mfundo ikhale kunja kwa utali wa khoma. Ikalowa m'kati, katailosi komalizira kamapanikizika n'kudumpha.

Chikhomo chongolowetsa, cha thabwa kapena chitsulo cha mamilimita 6, chimene mkono umangovalapo, chimaphatikiza ubwino wa ziwirizi. Chimazungulira ngati mfundo, koma wina akanyamula molakwika mkono umangovuka osathyoka, ndipo polongedza zonse zimagona bwino m'chikwama. Bowo la mkono likhale lokulirapo ndi theka la milimita. Pa njira zonse, iyi ndiyo ingakhale zaka m'nyumba ya ana.

Mapata a zitseko za kabati amaoneka ngati yankho lachangu, koma amasiya mpata pakati pa mkono ndi kathandala, amachita dzimbiri nthawi ya mvula, ndipo timasikuluwu take n'tatifupi. Maginito ang'onoang'ono a neodymium, a mamilimita 6 kapena 8 kwa 3, ndi abwino pogwira mkono kuti usatseguke wokha ponyamula. Ikani maginito mbali imodzi, mbali inayo mutu wa sikuluwu yachitsulo. Mukatero simudzavutika ndi kutembenuza maginito molakwika n'kupeza kuti akukankhana guluu atauma kale. Amatidwe ndi guluu wa epoxy m'bowo lozama pang'ono kuposa iwowo. Pakhomo pa ana aang'ono ganizirani kawiri, chifukwa maginito awiri akamezedwa amakokana m'matumbo n'kuwabowola.

Mkono weniweniwo upangidwe ndi chinthu chosapindika: mlombwa wouma, pulayiwudi ya mamilimita 9 yoimika chammbali, kapena aluminiyamu wa kona. Paini wopyapyala wa utali umenewo amakhota nyengo imodzi isanathe, ndipo mkono wokhota umakankha pakati pokha kapena kumapeto kokha, khoma n'kuduka pawiri.

Kusalaza ndi kupaka

Yambani ndi sandipepa wa 120, malizani ndi 220, ndipo m'kangalande mukulungeni pa kathabwa kopyapyala kuti makona asazungulike. Vanishi wothira mowolowa manja wawononga timathandala tambiri: amasonkhana m'kangalande n'kudya milimita ija munasiya, ndipo akapanda kuumitsitsa amamata timatailosi kukatentha. Msungunuleni pang'ono, pakani kawiri mopyapyala, m'kangalande kamodzi kokha, n'kudikira masiku angapo musanaikepo katailosi. Pa mlombwa, polishi wosapaka mtundu wopukutidwa bwino ndi wokwana. Wofiira wa pasimenti amadetsa timatailosi. Mafuta ophikira musayerekeze, amanunkha pakapita nthawi ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu.

Pansi pa kathandala matani tizigamba tinayi ta chubu cha njinga, totsukidwa ndi sopo n'kukhulidwa pang'ono kuti guluu wa nsapato agwire. Kumbukirani kuti mphirayo imakweza kathandala ndi milimita imodzi kapena iwiri, ndiye ngati pali chokankhira cholumikiza, yezani mpata wa pansi pake mphira itamatidwa kale.

Musanalipire mmisiri, yesani pomwepo pa benchi yake. Gonekani misana ya timathandala tiwiri moyang'anizana, muyang'ane ngati kuwala kukudutsa pakati. Dzazani timatailosi, menyani benchi ndi chikhatho, muone ngati tagwa. Zulani kamodzi ndi zala ziwiri osagwira kathandala. Kwa mahjong, mangani khoma lonse la 19, kankhani ndi chala chimodzi kumapeto a kumanja mpaka madigiri 45, kenako bwezani mkono, khoma litsale chilili.